Kuwotcha mapesi sikubweretsa chonde ayi

Chaka chilichonse kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala minda imangofuka utsi, ukafunsa akuti phulusa ndi fetereza. Tinakula nazo zimenezi koma abale si zoona kwenikweni.

Phulusa lili ndi potashi pang'ono, chimodzi mwa zakudya za mbewu, sindikukana. Koma nayitirojeni, yemwe uja timamugula m'thumba la Urea pamtengo woboola m'thumba, amapita ndi utsi mapesi akamapsa, ndiye phulusa lotsalalo mphepo imaliuluza kapena mvula yoyamba kulikokolola, munda kutsala mbee ngati bwalo la mpira.

Nthaka yapamtetete imatentha ndipo imauma msanga. Mukukumbuka ng'amba ya El Nino mu 2024, mvula inadula mu Febuluwale chimanga chambiri chikuyamba kumasula, mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Pang'amba ngati imeneyo munda wophimbira ndi mapesi umasunga chinyontho masiku angapo kuposa wowotcha, ndipo nthawi zina timasiku timeneto ndi timene timapulumutsa chimanga. Mvula ikagwa yamphamvu madontho amamenya mapesi kaye, madzi amalowa pansi m'malo mothawa ndi dothi.

Nanga chiswe? Ambiri amaopa chimenecho, koma chiswe chikapeza mapesi ouma chimatanganidwa nawo, n'kumaboolanso timauna tolowera madzi. Mutu weniweni ndi osaka mbewa ndi ziweto zongotayirira, mwaphimbira bwinobwino mawa lake mupeza wina wayatsa kale, pamenepa pokhapokha amfumu aikepo lamulo m'mudzi.