Buku la Huckleberry Finn silikometsa ukapolo

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti buku la Adventures of Huckleberry Finn limakometsa ukapolo, ati mphunzitsi wolipereka kwa ana asukulu akuwaphunzitsa tsankho. Zanditopetsa, makamaka poti ambiri onena zimenezi sanalitsegule n'komwe.

Bukuli linatuluka ku America mu 1885, patapita zaka 20 ukapolo utathetsedwa kumeneko, koma nkhani yake ndi ya nthawi imene anthu ankagulitsidwabe. Huck, mnyamata wachizungu, akuyenda pamtsinje wa Mississippi ndi Jim, kapolo wothawa. Huck anakula akuuzidwa kuti kuthandiza kapolo kuthawa ndi tchimo. M'mutu 31 akulemba kalata youlula kumene Jim ali. Kenako akukumbukira momwe Jim ankalondera usiku m'malo mwake kuti iye agone, ndipo akuing'amba kalatayo, ali wokonzeka kukapsa kumoto. Wowerenga amaoneratu kuti chokhota ndi chiphunzitso chimene mwanayu anayamwira, osati ubwenzi wakewo.

Zopweteka zilimo ndithu. Mawu onyoza anthu akuda abwerezedwa maulendo oposa 200, ndipo mitu yomalizira imamuseweretsa Jim mosayenera. N'chifukwa chake mphunzitsi ayenera kuwakonzekeretsa ana ndi kuwalola kunena zowawawa mumtima, osangowerenga n'kupitirira.

Bukuli limapezeka laulere pa intaneti. Werengani mutu 15, pamene Huck akupepesa Jim, kenako mutu 31, ndipo paliponse muzifunsa kuti akulankhula ndani, wolemba kapena munthu wa m'nkhani. Ngati simunawerenge nokha, chonde musauze ena kuti bukuli limatero.