Ng'oma za mu But Here We Are anaimba yekha Dave Grohl

Anthu akabwera ku situdiyo ndi nyimbo yolira m'bale wawo amene watisiya, mawu oyamba amakhala akuti "bwana, ikhale yapang'onopang'ono, muikemo piyano." Sindikana, nthawi zina zimagwiradi. Koma chisoni sikuti chimayenda mwakachetechete nthawi zonse ayi, ndipo ndikafuna kuti andimvetse ndimangowaikira chimbale cha Foo Fighters, gulu la rock la ku America, chotchedwa But Here We Are, chimene chinatuluka pa 2 June 2023.

Muyambe mwadziwa zomwe zinawagwera mu 2022. Pa 25 March, Taylor Hawkins, yemwe ankaimba ng'oma m'gululi kuyambira 1997, anamwalira ku hotelo ku Bogotá, dziko la Colombia, tsiku lomwe amayenera kukwera pasiteji. Anali ndi zaka 50. Chaka chisanathe mtsogoleri wa gululi, Dave Grohl, anatayanso mayi ake, a Virginia, omwe anali mphunzitsi. Maliro awiri chaka chimodzi, mnzake wapamtima ndi mayi omubereka.

Kwa ife a ntchito yojambula nyimbo funso linali limodzi basi, ng'oma aimba ndani? Mwina mungaganize kuti ndi nkhani yongolemba ganyu munthu wina waluso, koma mu rock ng'oma ndiye maziko, kawirikawiri timayamba kujambula zimenezo kenako besi, magitala ndi mawu zimadzakhala pamwamba pake, ndipo woimba ng'oma aliyense ali ndi dzanja lake, wina amamenya ngati akuthamangira kutsogolo pang'ono, wina amakokera m'mbuyo, kusiyana kwake n'kochepetsetsa koma anzake amene aimba naye zaka 25 matupi awo anazolowera dzanja limenelo osadziwa n'komwe. Ndiye Grohl sanaitane mlendo. Anakhala yekha pampando wa ng'oma n'kuimba nyimbo zonse 10. Josh Freese, amene anadzayenda nawo m'mashoo, anamulengeza mu May 2023, chimbale chitatha kale.

Ndipo aka sikanali koyamba. Grohl ankaimba ng'oma m'gulu la Nirvana mpaka pamene mtsogoleri wake Kurt Cobain anamwalira mu 1994, ndipo chimbale choyamba cha Foo Fighters cha 1995 anaimba pafupifupi zida zonse yekha. Munthu ameneyu zikamuthina amathawira ku situdiyo.

Tsono mvetserani mmene chimbalechi chimayambira. "Rescued" ndi yaphokoso, yothamanga, Grohl akukuwa mpaka mawu kusasa. "Under You" ndiye imapusitsa, kamvekedwe kake n'kosangalatsa moti mutha kumagwedeza mutu muli pa minibasi, koma mawu ake ndi a munthu amene akulephera kuiwala mnzake. Ine imandikumbutsa namfedwa uja amene pamaliro sakhala pansi, ali kalikiliki kuwaza nkhuni, kulandira alendo, kuthamangira kusitolo, anthu n'kumati walimba mtima pomwe akungoopa kuti akangokhala phee misozi iyamba. Liwiro la nyimbo zoyambazi ndi kalikiliki ameneyo.

Pakati pali nyimbo zina zomwe kwa ine n'zabwinobwino chabe, sindizibwereza kawirikawiri. Koma ikafika "Show Me How" zinthu zimasintha. Magitala awaika eko yambiri, amamveka ngati ali patali m'chipinda chachikulu chopanda katundu, ndipo Grohl akuimba ndi mwana wake wamkazi Violet. Amene munajambulapo anthu apachibale mukudziwa, mawu a magazi amodzi amalowana mwa njira yomwe makina sangakupatseni, pena sudziwa kuti bambo athera pati mwana wayambira pati. Polodyusa wa chimbalechi Greg Kurstin, yemwe anagwiranso ntchito ndi woimba wa ku Britain Adele, ndi yemweyo amene anapanga nawo Medicine at Midnight cha 2021, chimbale chovinika cha chisangalalo. Anthu ake omwewo kupatula mmodzi, koma ukaika zimbale ziwirizi motsatana ungaganize kuti padutsa zaka 10.

Pamene ndimafuna mufike ndi pa nyimbo ziwiri zomaliza. "The Teacher" ndi ya mphindi 10, ndipo dzina lokhalo likukuuzani kuti akulira ndani. Siyenda ngati nyimbo ya pa wailesi ya vesi, kolasi, vesi, kolasi ayi, imayamba pansipansi, imakwera, imatembenuka n'kukhala ngati nyimbo ina, imatsikanso, kenako kumapeto Grohl akutsanzika mobwerezabwereza ndipo zonse zimamezedwa ndi chiphokoso cha "shhhh" ngati wailesi yataya siteshoni. Ku situdiyo phokoso lotere timalithawa, nyali za pa mikisa zikafiira timatsitsa msanga poopa kuti kasitomala atibwezera ntchito. Apa analiika dala, ndipo tsiku loyamba kuimvera ndinavula mahedifoni kuyang'ana waya, ndimayesa wadukira mkati. Nditazindikira kuti ndi mmene anaipangira ndinakhala kaye duu, chifukwa uthenga wa maliro umafikadi choncho, m'makutu mumangoti ziii osamva zomwe akukuuza pafoni.

Chonde chimbalechi musachiike pa shuffle yosakaniza nyimbo mwachisawawa, ndondomeko ya nyimbo zake ndi gawo la ntchitoyo. Phokoso lija likaduka mwadzidzidzi pamabwera "Rest", gitala youma imodzi ndi mawu a Grohl ali pafupi kwambiri ndi maiki, onong'ona, osakongoletsa, ngati anangojambula ali yekha kuchipinda usiku. Mukhoza kukweza voliyumu kuti mumve bwino, ndiye samalani makutu, chifukwa pakati pake magitala amagwa onse pamodzi ngati khoma, ng'oma zikumenyedwa mwamphamvu koma mosafulumira, ndipo kumapeto zonse zimatsika mpaka kutsalanso gitala ija ndi mawu a munthu mmodzi.