Chaka cha galu si zaka 7 za munthu

Ndatopa kumva zoti chaka chimodzi cha galu n'chofanana ndi zaka 7 za munthu. Galu wokondedwa akafa ali ndi zaka 12, eni ake amangochulukitsa n'kunena kuti watisiya gogo wa zaka 84. Chisoni chawocho n'chenicheni, koma masamuwo ndi olakwika.

Galu amakula mothamanga kwambiri pachiyambi. Pofika miyezi 6 kapena 7, timano take ta ukhanda timakhala titaguluka, mano 42 okhalitsa atamera. Agalu ambiri amatha kubereka asanakwanitse n'komwe chaka, pomwe mwana wa munthu wa zaka 7 amakhala akungoyamba kuguluka mano akutsogolo. Kenako kukula kumachedwerako, ndipo ukalamba umatengera kukula kwa thupi. Tiagalu ta mtundu wa Chihuahua kawirikawiri timafika zaka 14 kapena kupitirira, koma zimphona ngati Great Dane nthawi zambiri zimangokhala zaka 7 mpaka 10.

Kumbukirani agalu amene munawaweta pa moyo wanu. Ndi uti amene anayamba msanga kuchita imvi pamlomo, kuyera maso, kudzuka movutika m'mawa? Mufunsenso dokotala wa ziweto, amene amayang'ana mano, miyendo ndi mtundu wa galuyo. Zimenezi zimandikhudza chifukwa galu wamkulu thupi wa zaka 7 angakhale atakalamba kale, mwini wake akumuyesa wa zaka 49 n'kuchedwa kumupimitsa. Musanagawire anzanu nkhani ngati imeneyi pa intaneti, yambani mwatsimikiza.