Sikelo ya ku Philadelphia itafika ku Chirunga

Mnzanga wina wophunzitsa ziyankhulo kuno ku Zomba anandiitana masana ena kuti ndidzaone pa kompyuta yake. Ankaonetsa nkhokwe zitatu za pa intaneti zowerenga kuti zolemba za wofufuza zatchulidwa kangati ndi ofufuza anzake. Analemba dzina lake pa Google Scholar, panatuluka mndandanda wautali wa anthu amene anatchula zolemba zake. Pa Scopus panatsala zochepa. Pa Web of Science dzina linaoneka kamodzi kokha. "Achimwene, mwa zitatuzi yoona ndi iti?" anandifunsa. Mkangano umenewu umamveka paliponse pamene aphunzitsi a pa yunivesite akukamba zokwezedwa pantchito, koma gwero lake lili kutali ndi phiri la Zomba.

Unayamba ndi Eugene Garfield wa ku America. Mu 1955 analemba m'magazini ya Science kuti pakhale kaundula wosonyeza kuti wofufuza uyu watchula ntchito ya yani. Kampani yake ya Institute for Scientific Information (ISI) ku Philadelphia inatulutsa kaundulayo, Science Citation Index, mu 1964, chaka chomwecho chimene Malawi analandira ufulu ndipo University of Malawi inakhazikitsidwa. Cholinga cha Garfield chinali kuthandiza munthu kupeza zowerenga. Ngakhale impact factor inapangidwira kusankha magazini oyenera kulowa m'kaundulayo: amawerenga kuti nkhani za zaka ziwiri zapitazo zatchulidwa kangati chaka chino, n'kugawa ndi chiwerengero cha nkhanizo. Inali sikelo yoyezera magazini. Oyang'anira mayunivesite ndiwo anadzaitembenuzira pa anthu.

Web of Science, yomwe inachokera ku kaundula wa Garfield uja ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Clarivate, inafika pa intaneti mu 1997. Mu 2004 kunabwera Scopus ya kampani yosindikiza ya Elsevier komanso Google Scholar, ndipo mu 2005 Jorge Hirsch anayambitsa h-index, nambala yoyezera wofufuza poona kuchuluka kwa zolemba zake ndi kutchulidwa kwa zolembazo. Scopus ndi Web of Science zimasankha magazini oti alowe, ndipo zimalipiritsa. Google Scholar ndi yaulere, imakokolola chilichonse chooneka ngati cha maphunziro, chabwino ndi chachabe chomwe, nthawi zina n'kuwerenga nkhani imodzi kawiri.

Nanga Zomba? Chancellor College inasamukira kuno ku Chirunga kuchoka ku Blantyre mu 1973, ndipo yalemba zambiri. Journal of Humanities inabadwira kuno. Mabuku a Kachere onena za mipingo ndi zikhulupiriro za makolo anasindikizidwa kuno. A Centre for Language Studies anakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene mphunzitsi wa Chichewa sangaufune kutali. Wolemba mbiri amatha miyezi ku National Archives akutembenuza mapepala ofiirira a nthawi ya atsamunda, kenako n'kutulutsa buku. Sikelo ija inakulira m'magazini a sayansi a Chingerezi, ndiye buku, lipoti la boma kapena nkhani ya m'Chichewa siziiyendera bwino. Anzathu a zaumoyo ali ndi mwayi chifukwa Malawi Medical Journal imapezeka m'nkhokwe zikuluzikuluzi, komanso amalemba limodzi ndi ofufuza akunja. Wofufuza nyimbo za chinamwali owerenga ake ali pano pomwe, ndipo ambiri mwa iwo salemba m'magazini.

Zimandipweteka kuona wophunzira wanzeru akusiya mutu wokhudza asodzi a ku nyanja ya Chilwa poopa kuti akunja sadzautchula.

Ena anayesa kukonza zinthu. African Journals Online inayamba mu 1998 kuti magazini a mu Africa azioneka. Mu 2012 akatswiri anakumana ku San Francisco n'kugwirizana mfundo za DORA, zoti munthu asamayezedwe ndi impact factor ya magazini imene walembamo. Mu 2022 kunabwera OpenAlex, nkhokwe ina ya zolemba za ofufuza, yaulere kwa aliyense.

Mnzanga uja ndinamuyankha kuti nambala zonse zitatu ndi zoona, chifukwa iliyonse ikuwerenga m'nkhokwe yakeyake. Anapita pa shelefu n'kutenga buku lake la galamala, chikuto chitang'ambika ndi manja a ophunzira, n'kuliika pambali pa kompyuta. Pa nkhokwe zitatu zija, linali pa Google Scholar pokha.