Mkangano wa Warburg ndi Weinhouse: zimene khansa yofalikira yadzaulula

Mu 2025 magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti maselo a khansa amalandira mitochondria kuchokera ku minyewa yonyamula mauthenga m'thupi (nerves) yoyandikana nawo, ndipo maselo olandirawo ndi amene ankapezeka ochuluka m'zotupa zofalikira kutali. Nkhaniyi yadzutsanso mkangano umene unayamba zaka 100 zapitazo, ndipo dzina la Otto Warburg, wasayansi wa ku Germany, latchulidwanso, makamaka ndi anthu amene amalimbikira kuti kusala shuga kumapha khansa ndi njala.

Mitochondria ndi tizigawo ta m'kati mwa selo timene timatentha chakudya ndi mpweya wa okosijeni kuti selolo lipeze mphamvu. Cha m'ma 1924, ku Berlin, Warburg ankadula zotupa tizidutswa topyapyala n'kumayeza kapumidwe kake. Anaona kuti zotupa zimameza shuga wambiri n'kumusandutsa lactate, asidi wotsala shuga akaphwanyidwa osatenthedwa, ngakhale okosijeni alipo wokwanira. Maselo ambiri abwinobwino amatero pokhapokha mpweya ukachepa. Zimene anaonazi n'zoona ndithu, ndipo mpaka lero makina ojambula m'thupi otchedwa PET amapeza zotupa potsatira dyera lawo la shugali. Mphoto ya Nobel imene analandira mu 1931 sinali ya khansa ayi, inali ya ntchito yake yofufuza enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) ya kapumidwe ka maselo.

Pamene panavuta ndi pa kumasulira. Mu 1956 Warburg analemba mu Science kuti khansa imayamba kapumidwe ka selo kakawonongeka mosachiritsika. Chaka chomwecho Sidney Weinhouse wa ku Philadelphia anamuyankha m'magazini yomweyo. Iye ankaika chizindikiro cha carbon-14 pa shuga ndi mafuta n'kuzitsatira, ndipo anapeza kuti zotupa zambiri zimatentha zakudyazi bwinobwino. Kumeza shuga wambiri sikutanthauza kuti ng'anjo ya mitochondria yazima. Warburg sanagonje, anali munthu wa liuma, ndipo anamwalira mu 1970 akadali pa mfundo yake. Wina anali ndi Nobel, mnzakeyo anali ndi zotsatira zokha. Kenaka, kuyambira 1976, chidwi chonse chinapita ku majini oyambitsa khansa, nkhani ya mitochondria n'kugona.

Onse awiri ankakangana za chiyambi cha chotupa. Koma chimene chimapha odwala ambiri ndi kufalikira: selo kuthothoka, kulowa m'magazi, kukamera m'mapapo, m'chiwindi, m'mafupa kapena mu ubongo. Kwa ine, apa ndiye pamene mlanduwu unatembenukira. Mu 2008 gulu la Jun-Ichi Hayashi ku Tsukuba, Japan, linasinthanitsa DNA ya mitochondria pakati pa maselo a khansa ya mbewa ofalikira kwambiri ndi ena osafalikira kwenikweni. Khalidwe lofalikiralo linatsatira mitochondria. Otsatira Warburg ali ndi poimira pano, chifukwa mitochondria zimenezi zinali ndi chilema pa jini ya ND6, chimene chinkachulukitsa tizinthu taukali totchedwa ROS.

Kafukufuku wa 2015 wa Michael Berridge wa ku Wellington ndi Jiri Neuzil ndiye wovuta kuti otsatira Warburg amuzembe. Anatenga maselo a khansa ya pakhungu ndi ya m'mawere, anawachotseratu DNA ya mitochondria kuti asathenso kupuma, n'kuwabaya m'mbewa. Warburg akanakhala wolondola, amenewa akanakhala maselo oopsa kuposa onse. M'malo mwake zotupa zinachedwa kumera kwa milungu ingapo. Zitamera, ofufuzawo anapeza kuti maselowo atenga DNA ya mitochondria ya mbewa imene anabayidwamo. Chodabwitsa china, kapumidwe kankabwerera pang'onopang'ono: kochepa m'chotupa choyamba, kowonjezereka m'maselo a m'magazi, ndipo kokwanira m'maselo amene anafika m'mapapo. Chaka cha 2014 gulu la Raghu Kalluri linali litaonanso kuti maselo a khansa ya m'mawere oyenda m'magazi amachulukitsa mitochondria kudzera mwa puloteni ya PGC-1α.

Umboniwu uli ndi malire ake. Wambiri ndi wa mbewa ndi wa maselo a m'labotale, ndipo sugwirizana paliponse. PGC-1α yomweyo imaoneka ikuletsa kufalikira m'khansa ya prostate ndi ya pakhungu yotchedwa melanoma. ROS nayonso ili pawiri: yochepa imakankha selo kuti liyende, yochuluka imalipha. Gulu la Sean Morrison linasonyeza mu 2015 kuti m'mbewa zopatsidwa mankhwala ochepetsa ROS, aja a antioxidant amene ambiri amawayesa chitetezo, melanoma inafalikira kwambiri. Ndipo tisamuiwale Warburg: mu 2000 ndi 2002 ofufuza ena anapeza mabanja otengera khansa chifukwa cha zilema za SDH ndi FH, ma enzyme a m'mitochondria. Koma khansa zoterezi n'zosowa, pamene iye ankanena za khansa zonse.

Kuchipatala zinthu sizinayende mmene ofufuza ankayembekezera. Metformin, mankhwala a matenda a shuga amene amafooketsa kapumidwe ka mitochondria, anayesedwa pa odwala khansa ya m'mawere oposa 3,600, ndipo zotsatira za 2022 sizinaonetse phindu. IACS-010759, mankhwala otseka kapumidwe ka mitochondria, anawasiya pa gawo loyamba lenileni la kuwayesa pa anthu, chifukwa ankawononga minyewa ya odwala ndi kuchulukitsa lactate m'magazi mwawo. Minyewa ndi mtima zimadalira ng'anjo yomweyo imene selo lofalikira limadalira.