Tchaja yothamanga kapena ya pakhoma: yoyenera loji ya kunyanja ndi iti?

Mwezi watha bambo ena amene ali ndi loji ku Senga Bay anandiitana kuti ndikaone mawaya a m'zipinda zawo. Titamaliza anandikokera pambali n'kuti: "Amisiri, ndikufuna ndiike chija chimatchaja galimoto ya magetsi m'kanthawi kochepa. Ndiyambire pati?" Ndinawafunsa kuti alendo awo akafika, galimoto imaima nthawi yaitali bwanji. Anati ambiri amafika Lachisanu madzulo n'kubwerera ku Lilongwe Lamulungu. Galimoto yogona pabwalo masiku awiri sifunika tchaja yothamanga, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake.

Batire ya galimoto timaiyeza ndi mayunitsi omwewa timagula ku ESCOM: yunitsi imodzi ndi 1 kWh. Nissan Leaf zakale zochokera ku Japan zimakhala ndi batire ya mayunitsi 24, 30 kapena 40. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Salima ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo galimoto yotere imadyapo mayunitsi 15 mpaka 20. Pobwera imadya pang'ono chifukwa msewu ndi wotsetsereka, koma pobwerera pa zitunda zija imadya kwambiri. Chinanso, magetsi a m'mawaya athu ndi a mtundu wa AC pomwe batire imasunga a mtundu wina wotchedwa DC, choncho ayenera kusinthidwa asanalowe mu batire. Kusiyana kwa malo otchajira kwagona pamenepa: kodi magetsiwo akusinthidwira mkati mwa galimoto, kapena kunja?

Njira yoyamba ndi soketi ya m'nyumba. Kuno kwathu ndi 230V, pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 13A. Chingwe chabwino chotchajira chimakoka pafupifupi 10A, omwe ndi 2.3 kW (mayunitsi 2.3 pa ola), choncho batire ya mayunitsi 40 itatheratu imafuna maola oposa 17. Imagwira ntchito ndithu, koma apa mpomwe pamandidetsa nkhawa. Ketulo imakoka magetsi ambiri kwa mphindi zisanu basi, galimoto imakoka usiku wonse osapuma. Soketi yolobodoka imatentha, pulasitiki n'kuyamba kusungunuka anthu ali m'tulo. Ekisitenshoni ya pamsika musaiyerekeze n'komwe. Samalaninso ndi chingwe chimene chimabwera m'buti ya galimoto ya ku Japan: zambiri anazipangira 200V ndipo zimakoka 15A, kuposa mphamvu ya pulagi yathu. Kudula mutu wake n'kuikapo pulagi ya kuno ndi kuitana moto m'nyumba.

Njira yachiwiri, imene ndinawalangiza bambo aja, ndi kabokosi komangirira pakhoma. Kameneka kamakhala ndi waya wake wokhuthala wochokera pa bolodi, breaker yakeyake, earth yoyezedwa bwino, komanso chida chodula magetsi akayamba kuthawira pansi. Pa single phase (waya wa moto umodzi, monga m'nyumba zambiri) kamapereka mpaka 7.4 kW, pa three phase (mawaya a moto atatu) 11 kW kapena 22 kW. Koma musathamangire nambala yaikulu. Popeza magetsi akusinthidwira mkati mwa galimoto, galimotoyo ndi imene imalamula liwiro. Leaf zambiri zakale zimalandira pafupifupi 3 kW, zina 6 kW, ngakhale mutazilumikiza ku bokosi la 22 kW. Ndowa ya pakamwa papang'ono sidzadza msanga chifukwa choti mwaitengera pa mpopi waukulu. Mlendo akaimika galimoto madzulo, n'kudya chambo chake, n'kugona, kukacha imakhala yadzadza kapena yatsala pang'ono.

Yachitatu ndi yothamanga ija, ya DC. Ndi chibokosi chachitali ngati pampu ya pa filling station, ndipo chimasintha magetsi chokha n'kuwathira molunjika mu batire. Ya 50 kW imafikitsa Leaf pa 80 peresenti pasanathe ola limodzi. Kupitirira pamenepo liwiro limatsika dala pofuna kuteteza batire. Koma 50 kW ndi chimodzimodzi maketulo 25 akuwira nthawi imodzi. Pamafunika three phase, ndipo kawirikawiri thiransifoma ya pamalopo iyenera kukulitsidwa kapena kuikapo yanuyanu. Malo ake oyenera ndi a anthu a paulendo, monga pa Kamuzu Road ku Salima pomwe pamadutsa galimoto zolowera ku Nkhotakota ndi Dwangwa, pamene munthu waima kuti amwe tiyi n'kupitirira. Kutentha kwa kuno nakonso tikuganizire. Batire ya Leaf ilibe madzi oiziziritsa, ndipo kuithira magetsi mothamanga masana a Okutobala itangochoka paulendo kumaikalambitsa msanga.

Pali nkhani ina imene ambiri amaiwala: pakamwa polumikizira chingwe chotchajira sipofanana pa galimoto zonse, ndipo mtundu uliwonse uli ndi dzina lake. Za ku Japan zakale zimalandira Type 1 pa AC ndi CHAdeMO pa DC. Zambiri za ku Ulaya zili ndi Type 2 pa AC ndi CCS2 pa DC, pomwe zopangidwira msika wa ku China zili ndi GB/T. Ife timagula galimoto kumbali zonse zitatu, choncho tchaja ya DC ya mutu umodzi idzabweza makasitomala ena. Pa kabokosi ka pakhoma vutoli n'lochepa: gulani kokhala ndi soketi ya Type 2 kopanda chingwe chomangirira, mlendo aliyense alumikize chingwe chake.

Anzathu a kabaza wa njinga zamoto za magetsi njira yawo ndi ina, yosinthanitsa batire: wasiya yakutha, watenga yodzadza, wabwerera pa siteji. Kwa munthu amene ndalama yake ili pa msewu, imeneyi ndiyo yanzeru.

Bambo aja anandikumbutsa kuti Salima ili ndi munda wa sola wa 60 MW umene unatsegulidwa mu 2021. Zoona, koma magetsi amenewo amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo akathima ku Senga Bay tchaja iliyonse imaima. Tinagwirizana kuti ayambe ndi kabokosi kamodzi ka 7.4 kW pansi pa mthunzi, kokhala ndi mita yake kuti adziwe mayunitsi amene mlendo wagwiritsa ntchito. Aike ndi mmisiri wa chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, ndipo ayambe akambirana ndi a ESCOM ngati waya wolowa pa lojipo ungasenze katunduyo mafiriji ndi makina oziziritsa m'zipinda akuyaka.