Kodi "fact" ndi chani kwenikweni? Mafunso ndi mayankho

Mkangano ukafika povuta, kaya pa WhatsApp kaya pa Facebook, pamapezeka wina woti mfundo zamuthera nde amangolemba kuti "imeneyo ndi fact" n'kuika madontho atatu, basi kwa iye nkhani yatha. Liwuli anthu alisandutsa chidindo. Nde tiyeni tilione bwinobwino, mafunso ake ndi awa.

Fact m'Chichewa tingati chani?

Liwu limodzi lokwana ndendende palibe. Ena amati choonadi, koma choonadi ndi chachikulu, chimapita kufupi ndi truth. Ena amati mfundo, koma mfundo ikhoza kukhala yabodza n'kukhalabe mfundo. Ine ndimati fact ndi chinthu choti chinachitikadi kapena chilipodi, ndipo pali njira yoti munthu wina, ngakhale wodana nawe, atha kukafufuza n'kupeza zomwezo. Nelson Mandela anatuluka m'ndende pa 11 February 1990, imeneyo ndi fact, zithunzi zilipo, nyuzi zinalemba, anthu anaona ndi maso. Koma ukati Mandela anali mtsogoleri wabwino kuposa wina aliyense, amenewo ndi maganizo ako, kaya tikugwirizana nawe anthu miliyoni.

Liwuli linachokera kuti?

Apa nde pali nkhani yokoma. Linachokera ku Chilatini, factum, kutanthauza chinthu chochitidwa, ndipo tsinde lake ndi facere, kuchita kapena kupanga. Factory ija timati fakitale ndi m'bale wake, malo opangira zinthu. Litalowa m'Chingerezi cha m'zaka za m'ma 1500 silinkatanthauza zoona ayi, linkatanthauza ntchito yomwe munthu wachita, ndipo kawirikawiri ntchito yoipa, mlandu. Munthu akaba kapena akapha, chimene wachitacho ndiye chinali fact. Tanthauzo lomwe tikulidziwa panoli linakhazikika m'zaka za m'ma 1600, nthawi yomwe anthu a sayansi anayamba kulimbikira zoti chinthu uchiyese, uchione wekha, ena achiyesenso. Bungwe la Royal Society la ku London lomwe linayamba mu 1660 mpaka linasankha mawu a Chilatini oti Nullius in verba ngati mwambi wake, kutanthauza kuti usangokhulupirira chifukwa wakuti wanena.

Nde mukaona bwino, liwuli linabadwira pa funso la pabwalo la milandu: chinachitika n'chiyani, anachita ndani, mboni ili kuti. Silinabadwire pa kukweza mawu.

Nanga tanthauzo lakalelo linatheratu?

Ayi, likadalipo mobisala. After the fact ndi kunena kuti zinthu zitachitika kale, monga munthu wobwera ndi malangizo galimoto itagwa kale. M'malamulo mulinso accessory after the fact, uyu ndi munthu woti sanachite nawo mlanduwo koma anathandiza wolakwayo pambuyo pake, mwina kumubisa kapena kutaya umboni. Fact ya pamenepo ndi mlandu uja, osati zoona.

Ndingasiyanitse bwanji fact ndi maganizo?

Dzifunseni kuti, titakangana pa chimenechi tingapite kuti kapena tingayeze chani kuti mkangano uthe? Ngati yankho lilipo, mukukamba za fact. Ngati yankho ndi loti zimatengera munthu, amenewo ndi maganizo, opinion. "Phiri la Everest ndi lalitali kuposa Kilimanjaro", tiyeza, Everest ndi mamita pafupifupi 8,849 pomwe Kilimanjaro ndi 5,895, mkangano watha. "Kilimanjaro ndi lokongola kuposa Everest", apa tikhoza kuchezera mpaka tambala kulira osagwirizana.

Koma chenjerani, pali gulu lachitatu lomwe limapusitsa anthu ambiri, chiganizo chovala malaya a fact koma chili chabodza. Chili ndi nambala, chili ndi dzina la malo, chikumveka ngati cha m'buku. Mwachitsanzo zija amati khoma lalikulu la ku China limaoneka munthu ali kumwezi. Bodza. Khomalo ndi lalitali inde koma ndi lopapatiza, ndipo Yang Liwei, munthu woyamba yemwe dziko la China linamutumiza m'mlengalenga mu 2003, atabwerako ananena kuti sanalione, chonsecho iye anali pafupi kwambiri ndi dziko kuyerekeza ndi mwezi.

Tsiku lina amalume anga anaponya uthenga pa gulupu ya banja, pamwamba zilembo zikuluzikulu FACT, kenako kuti munthu amagwiritsa ntchito 10 peresenti yokha ya ubongo wake, pamwamba pake kachizindikiro kaja ka Forwarded many times. Anthu anayamba kuyankha ndi timanja topemphera. Ine ndinadikira kaye mpaka madzulo poti munthu wamkulu sumutsutsa pagulu, nde ndinawalembera paokha kuti amalume, madotolo akajambula ubongo amaona kuti mbali zonse zimagwira ntchito, ndipo kachigawo kakang'ono kakavulala munthu amatha kusiya kuyankhula kapena kuyenda, zikanakhala kuti 90 peresenti imangokhala bwenzi sitiroko isakuopsa chonchi. Anandiyankha kuti "koma analemba kuti fact". Mwaona pomwe pagona vuto eti.

Fact ingasinthe?

Funso ili limasokoneza ngakhale ophunzira. Chomwe chinachitika sichisintha, koma chomwe ife timadziwa chimasintha, komanso nthawi zina ndi dzina lokha lomwe lasintha. Amene tinaphunzira kuti mapulaneti alipo 9 tinadabwa mu 2006 pomwe bungwe la International Astronomical Union, pa msonkhano wake ku Prague, linagwirizana kuti Pluto isamawerengedwenso ngati pulaneti yeniyeni. Pluto yo sinasunthe, ikuzungulirabe dzuwa momwe inkachitira, anthu ndi omwe anasintha kagawidwe. Nkhani ya zilonda za m'mimba nde ina, kwa zaka zambiri madotolo ankati zimabwera kwambiri chifukwa cha nkhawa ndi asidi, mpaka Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anaonetsa kuti zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, ndipo Marshall anachita kumwa dala tizilomboto kuti anthu akhulupirire, mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Apa zomwe anthu ankati fact zinali zolakwika kuyambira kale, kungoti umboni unali usanafike.

Palinso ma fact oti ndi oona koma ali ndi malire omwe anthu amaiwala kutchula. Madzi amawira pa madigiri 100, eya, koma pamalo ofanana kutalika ndi nyanja yamchere. Pamwamba pa Everest amawira cha m'ma 70 chifukwa mpweya sukanikiza kwambiri kumeneko.

In fact, as a matter of fact, fun fact, zonsezi ndi chimodzi?

Ayi ndithu. In fact amagwiritsa ntchito potsindika kapena pokonza zomwe wina akuganiza, ngati momwe timanenera kuti kunena zoona, kapena ndipotu. As a matter of fact ndi chimodzimodzi koma nthawi zambiri imamveka ngati ukumutsutsa munthu mwaulemu. The fact that nthawi zambiri ndi cholumikizira chabe, "zoti", palibe chachikulu, ndipo anthu amaichulutsa m'makalata pofuna kumveka ophunzira. Fun fact ndi kanthu kodabwitsa koti ungosangalala nako. Achinyamata akangoyankha kuti "Facts!" ndiye kuti akuvomereza, ngati kunena kuti wanenadi zoona, olo zomwe zanenedwazo zikhale maganizo chabe. De facto ndi Chilatini chomwe chija, zomwe zikuchitika m'moyo weniweni ngakhale pa pepala sizinalembedwe choncho, monga wachiwiri yemwe akuyendetsa zonse pomwe bwana ali dzina lokha.

Pa galamala, liwuli nthawi zambiri limawerengeka, a fact imodzi, facts zambiri, musamati "it is fact that" mukaiwala a uja. Ndipo true fact ndi kubwereza, zili ngati kunena kuti madzi onyowa.

Factoid ndi alternative facts nde zitinso?

Factoid analiyambitsa ndi wolemba wa ku America Norman Mailer mu 1973, ponena za chinthu choti sichinachitike koma anthu akuchikhulupirira chifukwa chinasindikizidwa m'nyuzi kapena m'magazini. Chodabwitsa n'choti pano ambiri amaligwiritsa ntchito ponena ka fact kakang'ono koona, nde liwulo lapotozedwa mpaka kutanthauza zosemphana ndi mwini wake. Alternative facts inatchuka mu January 2017 pomwe Kellyanne Conway, mlangizi wa Donald Trump, ankaikira kumbuyo zomwe mneneri wa White House ananena za kuchuluka kwa anthu pa mwambo wolumbiritsa pulezidenti. Mtolankhani wa wailesi ya kanema ya NBC anamuyankha pompo kuti zimenezo si ma fact, ndi mabodza.

Kukhoti liwuli limagwira ntchito bwanji?

Amasiyanitsa question of fact ndi question of law. Loyamba ndi loti chinachitika n'chiyani, kodi woimbidwa mlandu analipo pamalopo usiku umenewo, ndipo limayankhidwa ndi umboni. Lachiwiri ndi loti lamulo likuti chani pa zomwe zachitikazo. M'maiko momwe amagwiritsa ntchito jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kuti amve mlandu, gululo ndi lomwe limagamula za fact, jaji amagamula za lamulo.

Wina akanditumizira "fact" nditani?

Mufunseni kuti wazitenga kuti, ndipo "zili ponseponse" si yankho. Onani ngati pali tsiku, dzina la yemwe ananena ndi malo, kenako kopani chiganizo chimodzi mukachisake pa intaneti, nthawi zambiri mupeza kuti ena anafufuza kale. Alipo mabungwe omwe ntchito yawo ndi yomweyi, amati fact-checking, monga Africa Check yomwe inayamba mu 2012 ku Johannesburg. Ngati ndi chithunzi chiponyeni pa Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi, mudzadabwa kuona kuti chithunzi cha "dzulo" chinajambulidwa zaka zisanu zapitazo kudziko lina. Amalume aja ndinawaonetsa kachitidwe kake pa foni yawo, pano asanaponye kanthu pa gulupu amayamba anditumizira ine kaye, ena mwa mauthengawo amafika 4 koloko m'mawa.